Mbiri ya Luso Loyesezera Mzere wa Odwala

Munthu aliyense amene adalawirirapo m'mamawa, nkhuku zisanatsike, napita kukakhala pa benchi la kuchipatala ndi kabuku kake m'manja, maso ali pa chitseko chimene sichikutseguka, akudziwa kuti matenda sayenda okha, koma ali ndi mbale wawo amene dzina lake ndi kudikira. Kudikira kumeneku n'kwakalekale, pakuti ngakhale m'Malembo timamva za munthu uja amene adadwala zaka 38, nagona pambali pa thamanda la Betesda, machiritso ali pafupi ndithu, koma nthawi zonse wina n'kumamutsogolera kulowa m'madzi. Pali luso lina limene lidakula chifukwa cha anthu otere. Eni ake amalitcha discrete event simulation, ndipo ife tilitcha kuyesezera zochitika chimodzichimodzi. Ndilo luso lomanga chifanizo cha chipatala m'kati mwa kompyuta, momwe odwala ongopeka amafika, nadikira, naonedwa, nachira kapena kumwalira, kuti olamulira aone zipatso za maganizo awo asanawayese pa matupi a anthu enieni. Luso limeneli lidadzera m'njira zokhotakhota lisanafike kuchipatala, ndipo wolondola mapazi ake adzamvetsa chifukwa chake akatswiri a masiku ano adaliikira malamulo.

Chiyambi chake tichipeza pa kuwerenga akufa. M'chaka cha 1662 John Graunt, wamalonda wa mu mzinda wa London, adasonkhanitsa mapepala a maliro amene ankalembedwa sabata ndi sabata, nawasanthula kufikira ataona kuti imfa, imene pa banja limodzi imafika ngati mbala, pa mzinda wonse ili ndi kayendedwe kake koti munthu angathe kukawerengera. Mu 1693 Edmond Halley, katswiri wa nyenyezi, adatenga kaundula wa obadwa ndi akufa wa mzinda wa Breslau, nakonza ndondomeko yosonyeza kuti mwa ana obadwa ndi angati amene amafika pa msinkhu uliwonse. Pa maziko amenewa ndi pamene adaponda Daniel Bernoulli mu 1760, anthu a ku Ulaya ali m'kati mokangana za kutemera nthomba. Kutemera kwa masiku amenewo kudali kuika mafinya a wodwala nthomba pa kabala ka munthu wabwinobwino, ndipo ena ankafa nako. Bernoulli adakhala pansi ndi masamu ake, nafanizira magulu awiri a anthu, lina lokhala ndi nthomba pakati pake, lina lopanda, napeza kuti nthomba itachoka, moyo wa mwana wobadwa ukadatalikirako ndi zaka pafupifupi 3. Pamenepo lidabadwa funso limene likufunsidwabe m'maunduna a zaumoyo a mayiko onse: tikachita chakuti, tidzapulumutsa moyo wochuluka bwanji, ndipo tidzalipirapo chiyani?

Komatu masamu a akufa sankadziwa kanthu za mzere. Nzeru ya mzere idachokera kwina, ku nyumba za lamya. Agner Krarup Erlang wa ku Denmark ankagwira ntchito ku kampani ya lamya ya mu Copenhagen, ndipo funso lake lidali lakuti pafunika mawaya angati kuti oimba asamapeze njira yotsekeka. Zimene adalemba mu 1909 ndi mu 1917 zidayala maziko a masamu a mizere, amene amaulula chinthu chopunthwitsa oyang'anira zipatala ambiri kufikira lero, ndicho chakuti kuphatikiza zonse n'kugawa mofanana kumanamiza. Tiyerekeze kuti, tikagawa tsiku lonse, wodwala mmodzi amafika pa mphindi 10 zilizonse, ndipo dokotala naye amatha mphindi 10 pa munthu mmodzi. Wowerengera mothamanga adzati zakwanirana, palibe amene adzadikire. Koma anthu safika motalikirana bwino ngati mapando a chimanga. Galimoto imatsitsa asanu nthawi imodzi, kenaka papita theka la ola popanda wobwera. Wina ali ndi chimfine chabe, wina ali ndi nthenda yofuna kufufuza mofatsa. Mphindi imene dokotala wakhala wopanda womuona siibwereranso, pakuti madzi akatayika saoleka; koma wodwala amene wachedwa kulowa amakhalabe pa benchi, nakankhira m'mbuyo onse omutsata, ndipo mzere umangokulirakulira.

Masamu a Erlang adali okongola, koma ankagwira pokhapokha nkhani ikakhala yosavuta. Zinthu zikalukanalukana, ankagonja. Njira yolambalala vutoli idapezeka pa malo ochititsa mantha, ku Los Alamos m'dziko la America, kumene kunkasulidwa mabomba a atomiki. Mu 1946 Stanislaw Ulam, katswiri wa masamu wochokera ku Poland, akuchira ku nthenda yaikulu, ankadzisangalatsa ndi masewera a makadi amene munthu amasewera yekha. Ndipo atavutika kuwerengera mwayi wopambana, adaganiza kuti kuli bwino kungosewera kambirimbiri ndi kuwerenga kuti wapambana kangati. Adauza mnzake John von Neumann, ndipo awiriwa adaona kuti makina atsopano owerengera, monga ENIAC, angathe kuchita maere usana ndi usiku osatopa. Nicholas Metropolis adaitcha njirayi Monte Carlo, dzina la malo otchuka a njuga ku Monaco. Motero maere, amene makolo a mitundu yambiri ankachita pofuna kudziwa zobisika, adalowa m'nyumba ya sayansi. Ndipo chida chimene chidasulidwira nkhondo sichidachedwe kusulidwanso kukhala khasu.

Pa 5 Julayi 1948 dziko la Britain lidatsegula National Health Service, ndi lonjezo lakuti aliyense adzalandira chithandizo osalipira pakhomo. Ndipo monga amanenera akuluakulu kuti walira mvula walira matope, zipinda zodikirira zidadzaza. Mwambo wa zipatala zambiri masiku amenewo udali woitana odwala ochuluka pa ola limodzi, kuti dokotala, amene nthawi yake inkayesedwa ya mtengo wapatali, asakhale chabe ngakhale mphindi imodzi. Nthawi ya wodwala idalibe woiwerenga. Amene adaiwerenga ndi Norman Bailey, katswiri wa ziwerengero. Mu 1952, potenga manambala a maere m'malo mwa odwala enieni, adayendetsa kiliniki yongopeka mobwerezabwereza, nayesa njira zosiyanasiyana zoitanira anthu. Ndipo iye ndi J. D. Welch adasiya lamulo limene likutchedwabe ndi maina awo, lakuti poyambirira paitanidwe odwala awiri, otsalawo aitanidwe mmodzimmodzi, motalikirana ndi nthawi imene dokotala amatha pa munthu mmodzi. Ndi kusintha kochepa kotereku kudikira kwa odwala kumatsika kwambiri, dokotala n'kungotayapo mphindi zowerengeka. Chimene ndichilemekeza koposa pa ntchito imeneyi ndi mtima wake, umene udavomereza kuti ola la wantchito wa m'fakitale, kapena la mayi amene wasiya ana kunyumba, nalonso ndi ola.

Kuyesezera pamanja n'kotopetsa, ndipo luso likadakwinimbira pakadapanda amisiri a m'mafakitale. Ku Sheffield, m'kampani yosungunula zitsulo ya United Steel, Keith Douglas Tocher adakonza mu 1958 pulogalamu yoyesezera kayendedwe ka ntchito pakati pa ng'anjo ndi makina, imene ambiri amaiyesa yoyamba ya mtundu wake. Mu 1961 Geoffrey Gordon wa ku IBM adatulutsa pulogalamu ina yoyesezera yotchedwa GPSS. Ndipo ku Oslo, m'zaka zomwezo, Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard adapanga chinenero cha kompyuta chotchedwa Simula, chimene chidaphunzitsa makina kusunga chinthu chilichonse pachokha ndi mbiri yakeyake. Kuyambira pamenepo kudakhala kosavuta kuti wodwala wongopeka akhale ndi zaka zake, kulemera kwake, ndi mbiri ya matenda amene adadwalapo.

Tiyeni tsono tisuzumire m'kati mwa chifanizo chotere. Muli wotchi, koma siyenda ngati ya pakhoma. Imalumpha ngati tsokonombwe, kuchoka pa chochitika china kutera pa chotsatira, pakuti pakati pa ziwirizo palibe chosintha. Mulinso ndandanda ya zimene zikubwera, yosanjidwa potsata nthawi. Wotchi ikuti 8:00. Mayi wa zaka 52 wodwala shuga wafika, ndipo popeza namwino alibe munthu, mayiyo walowa. Kompyuta yachita maere, yapeza kuti kuonedwa kwake kutenga mphindi 12, ndipo yalemba pa ndandanda kuti namwino amasuka pa 8:12. Yachitanso maere a wobwera wotsatira, agwera pa 8:05. Wotchi yalumphira pamenepo. Mnyamata wothyoka mkono wafika, wapeza chitseko chotseka, wakhala pa benchi. Yalumphiranso pa 8:12. Mayi watuluka, mnyamata walowa, ndipo mphindi 7 zimene wadikira zalembedwa. Katundu yense wa chifanizo ndi ameneyu: anthu, zizindikiro za munthu aliyense, zochitika, zinthu zoperewera monga bedi, namwino ndi makina, mizere, ndi nthawi. Tsiku limodzi lotere silinena zambiri. Koma likabwerezedwa maulendo 10,000, maere akugwa mosiyana ulendo uliwonse, limaonetsa masiku abwino ndi oipa omwe, ndi kuti oipawo amabwera kangati.

Luso lidakhazikika m'zipatala kuyambira m'ma 1960. Ku yunivesite ya Yale, Robert Fetter ndi mnzake John Thompson, munthu amene adayamba ntchito yake ngati namwino, adafalitsa mu 1965 zifanizo za chipinda chochirira amayi, za kiliniki ndi za zipinda za opaleshoni. M'ma 1980 Ruth Davies ku England adatsata odwala impso mmodzimmodzi, kuchokera pa makina osefa magazi kufikira pa kulandira impso ina, pofuna kudziwa zimene zidzafunike m'zaka za m'tsogolo. Mu 1999 Adrian Bagust ndi anzake a ku York adaonetsa kuti chipatala chimene mabedi ake amakhala odzaza koposa 85 mwa 100 alionse chimayamba kusowa pogoneka odwala mwadzidzidzi, ndipo chikapitirira 90 kusowako kumakhala kwa kawirikawiri. Bedi lopanda munthu, limene wosunga chuma amaliona ngati ndalama yotayika, ndilo lidzalandire wangozi wa pakati pa usiku.

Pamene izi zinkachitika, mtsinje wina unkayenda pawokha. Mankhwala atsopano ankabwera okwera mtengo, thumba la boma silinkakula mofanana nawo, ndipo mayiko adabwerera ku funso lija la Bernoulli. M'ma 1970 akatswiri adakhazikitsa muyeso wotchedwa QALY, umene umawerenga chaka cha moyo wathanzi lokwanira ngati 1, ndi chaka cha m'masautso ngati gawo chabe la 1. Dziko la Australia lidalamula mu 1993 kuti wofuna kuti mankhwala ake azilipiridwa ndi boma abweretse umboni wakuti phindu lake likulingana ndi mtengo, ndipo Britain idakhazikitsa bungwe la NICE mu 1999 pa ntchito yonga yomweyo. Chida chimene ambiri adatola chidali chifanizo cha Markov, chimene J. Robert Beck ndi Stephen Pauker adachidziwitsa kwa madokotala mu 1983. Chimenechi chimatenga khamu la anthu n'kuligawa m'makola angapo, monga la athanzi, la odwala ndi la akufa, ndipo pakutha pa mwezi kapena chaka chilichonse chimasamutsa gawo lina kuchoka m'khola ili kulowa m'linalo. N'chopepuka, n'chosavuta kuchifufuza, koma chili ndi chilema chakuti sichikumbukira: munthu amene wagwidwa ndi sitiroko kachitatu, akalowa m'khola, amafanana ndi amene wagwidwa koyamba. Pofuna kuchiza chilemachi anthu ankaonjezera makola kufikira chifanizo chitasanduka nkhalango. Ndiponso kawirikawiri chimayesa kuti aliyense wofuna chithandizo achipeza tsiku lomwelo, ngati kuti mzere kulibe. Chifukwa cha ichi ofufuza monga Jaime Caro, amene adalemba za nkhaniyi mu 2005, adalimbikira kuti mitsinje iwiriyi ikumane, ndi kuti njira yotsata munthu mmodzimmodzi itumikirenso poyesa phindu la mankhwala.

Koma mphamvu ikachuluka, chiyeso nacho chimachuluka. Mapulogalamu ogulitsidwa adafika poonetsa tianthu tikuyendayenda m'makonde a chipatala pa sikirini, ndipo n'kosavuta kuti woonerera akhulupirire chifukwa cha kukongola kwake, naiwala kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Chifanizo chachikulu chili ndi mauna ambiri obisalamo cholakwa. Ndipo ngati wochimanga walipidwa ndi wogulitsa mankhwala, woweruza ali ndi chifukwa chofunsira kuti m'kati mwake muli chiyani. Pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, mabungwe awiri, ISPOR ndi Society for Medical Decision Making, adasonkhanitsa akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo mu 2012 adatulutsa malipoti 7 a machitidwe abwino pomanga zifanizo. Lachinayi, lolembedwa ndi Jonathan Karnon wa ku Adelaide pamodzi ndi James Stahl, Alan Brennan, Jaime Caro, Javier Mar ndi Jörgen Möller, lidali la luso tikukambali. Lotsiriza lidali la kuchitira zinthu poyera ndi kutsimikizira kuti chifanizo chikunena zoona.

Malangizo awo, munthu akawafinya, amatuluka madzi a khalidwe koposa a masamu. Loyamba ndi lakuti njira imeneyi isatoledwe chifukwa chongoikonda. Ndi yoyenera pamene zinthu zili zoperewera ndipo anthu akuzilimbirana, kapena pamene tsogolo la wodwala lidalira mbiri yake ndi zizindikiro zake zambiri, kapena pamene nthawi yofikira chochitika ndiyo mwini nkhani. Kupanda apo, chifanizo chopepuka chikwanira. Lachiwiri ndi lakuti chifanizo cha mizere chisalekere pa kuwerenga kuti mwadutsa anthu angati, koma chifike pa thanzi lawo. Ndipo ichi n'chomveka, pakuti mzere ungathe kufupika chifukwa chakuti odikirawo atopa nabwerera kwawo, kapena amwalira. Lachitatu ndi lakuti womanga asayese kuti madokotala amatsata buku la malangizo tsiku lililonse. Afufuze zimene zimachitikadi, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Nambala imene yachokera m'kamwa mwa katswiri, yosachokera m'kaundula, ilembedwe kuti ndi yotero, ndipo ikwezedwe ndi kutsitsidwa kuti zioneke ngati yankho ligwedezeka. Pamene zoopsa ziwiri zikupikisana pa munthu mmodzi, monga nthenda ya mtima ndi imfa yodzera kwina, ziwerengedwe pamodzi, kuti yofika msanga itsekereze inzake monga zimakhalira m'moyo.

Palinso malangizo a kayendetsedwe. Poyerekeza mankhwala awiri, odwala ongopekawo akhale omwewo, ndi maere omwewo, kumbali zonse ziwiri, monga mlimi woyesa mbewu ziwiri amazibzala m'munda umodzi pa mvula imodzi, kuti kusiyana kumene kuoneke kukhale kwa mankhwala, kusakhale kwa mwayi. Chifanizo chibwerezedwe kufikira yankho litakhazikika, ndipo kugwedezeka kobwera ndi maere kusiyanitsidwe ndi kukayika kumene kuli pa manambala olowetsedwawo. Chipatala chenicheni sichidzuka chopanda munthu. Chotero chifanizo chiyambe chayenda kanthawi, mabedi ndi mizere zidzaze monga mwa masiku onse, ndipo kuwerenga kuyambe pambuyo pake. Potsiriza, zonse zichitikire poyera: madokotala ndi anamwino achiyang'ane ngati chikufanana ndi ntchito yawo, pulogalamu ifufuzidwe ngati ikuchita zimene mwini wake adafuna, zotsatira zake ziyerekezedwe ndi za zifanizo zina, ndi zimene zidachitikadi m'mbuyomu, ndiponso, zaka zikapita, zimene chidalosera ziikidwe pambali pa zimene zaoneka.

Chiyambire 2012 njira yapitirira kulambulidwa. Mu 2014 akatswiri a ku Sheffield, mzinda womwe uja wa Tocher, adalembera bungwe la NICE malangizo a zifanizo zotsata wodwala mmodzimmodzi. Ndipo mu 2019 Thomas Monks ndi anzake adafalitsa ndandanda yotchedwa STRESS, yotchula zimene wolemba lipoti ayenera kuulula kuti munthu wina athe kubwereza ntchito yake. Ofufuza ena tsopano amaika pulogalamu yonse pa intaneti, kuti wokayika aliyense aitsegule. Ndipo luso lotsata munthu mmodzimmodzi lafika kwathu kuno. Pansi pa dzina la Thanzi la Onse, Unduna wa Zaumoyo wa Malawi ndi Kamuzu University of Health Sciences, mogwirizana ndi mayunivesite a York, Imperial College London ndi University College London, akonza chifanizo cha anthu a dziko lino, momwe munthu wongopeka amabadwa, amakula, amadwala malungo, TB kapena matenda ena, napita kuchipatala kumene angapeze wachipatala ali ndi nthawi kapena alibe, mankhwala alipo kapena atha. N'koyenera kuti zitero, pakuti m'dziko limene madokotala ndi anamwino ali ochepa, chifanizo choiwala mzere chikunena za dziko lina.

Chifanizo sichichiza munthu, ndipo sichionjezera bedi ngakhale limodzi. Ntchito yake ndi ya mmisiri amene amayamba wakhala pansi nawerengera njerwa asanakumbe maziko. Komabe wochimanga asadziyese wosewera ndi manambala. Mayi uja wa 8:00 ndi wopeka, koma chigamulo chimene chidzatuluke pa iye, chakuti mankhwala agulidwe kapena asagulidwe, chakuti namwino atumizidwe kuno kapena uko, chidzagwera mayi weniweni, amene ali ndi dzina ndi ana, amene sadzaona pulogalamuyo ndipo sangathe kuitsutsa. Chifukwa cha iyeyu malamulo onse aja adalembedwa, ndipo chifukwa cha iyeyu ayenera kusungidwa ngakhale palibe woyang'anira. Munthu wa ku Betesda adasowa womutsitsira m'madzi. Wa pa benchi lero, ngati sitingathe kumulowetsa msanga, tisamumane chochepa ichi, chakuti powerengera tisamudumphe, ndipo tinene zoona za kutalika kwa mzere umene wakhalapo.